Che Sumani ndi Chitseko cha a Davide

Kwathu kwa Mponda, mukafunsa aliyense wa imvi kuti munthu uja sankatha kudutsa chinthu chothyoka osachigwira anali ndani, sachita kuganiza kawiri. Akuuzani kuti Che Sumani. Ena amadwala mutu, ena nyamakazi, koma iwo matenda awo anali kukonza zinthu. Sankadikira kuitanidwa, sankafuna malipiro, ndipo kuwaletsa kunali ngati kuuza mbuzi kuti isayang'ane chimanga. Ine tinkakhala moyandikana, mpanda umodzi, ndiye zimene ndikukuuzanizi ndinaziona ndi maso angawa.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya ukhukhi kwa mzungu wina wa pa boma. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira bokosi la zipangizo ndi chigalimoto chakufa chopanda matayala. Che Sumani anamema mudzi wonse kuchikokera kunyumba, n'kumanga chisakasa pamwamba pake. Chisakasacho ankachitcha galaja, ndipo ukalakwitsa n'kunena kuti chisakasa, moni wako sankamuyankha mpaka mwezi ukhale. M'galimotomo nkhuku zinkaikiramo mazira ndi kuswa, mibadwo ndi mibadwo.

"Che Sumani, galimotoyi idzayenda liti?"

"Yatsala pang'ono, achimwene. Tidzapita nayo ku Makanjira, inuyo kumpando wakutsogolo."

"Koma injini mulibe."

"Injini ndi nkhani yaing'ono. Ichi sichinafe, changokomoka."

Mawu amenewo ankanenera chilichonse, kaya ndi ketulo yobooka, kaya nyali yosweka galasi. Ndipo ndinene zoona, za matabwa ankazitha. Mpando, zenera, denga, akazigwira zinkakhala zogwidwa. Vuto linali pa zachitsulo. Pulaimasi ya a Annie, akazi a aphunzitsi, inkangotsokomola palafini. Che Sumani atakonza inayamba kulira ngati ndege, moto wake n'kuboola poto nyemba zisanafewe. Njinga ya Che Amidu anaikonza mabuleki mwakuti ukagwira buleki linkalira ndi belu basi. Che Amidu anazindikira zimenezi ali pamtsetse wopita kudooko, ndipo analowa mu Shire akuliza belu ngati akuchenjeza ng'ona.

Akazi awo, Abiti Wadi, anavutika nawo moyo wonse. Amayi ena amabisa shuga kuopa ana, iwo ankabisa wotchi ndi wailesi kuopa amuna awo. Wailesiyo inakhala kwathu pansi pa bedi zaka zambiri, Abiti Wadi n'kumabwera okha kudzamvera nyimbo ngati mlendo.

Mnzawo wapamtima anali a Davide, telala wochokera ku Ntcheu, wa mpingo wa Mboni, amene ankakhala ndi akazi awo a Lizzie ndi ana m'nyumba ya malata tsidya la msewu. Ubwenzi wawo unali wa mkangano. Masana onse pabawo, wina akuti Paradaiso ali kumwamba, wina akuti adzakhala pansi pompano. Tsiku lina a Davide atapita kumsika, Che Sumani anawakonzera makina osokera, amene analibe vuto lililonse. Kuyambira pamenepo makinawo ankasoka chobwerera m'mbuyo.

"Sumani, ukadzagwiranso chinthu changa ndidzakudula zala!"

"Davide, ulibe kuthokoza. Makina a anzako amangodziwa njira imodzi."

Tinkaseka. Nthawi imeneyo kuseka kunali kudakaloledwa pa nkhani ngati zimenezo.

Kenaka chinafika chaka chija a Mboni anasakidwa dziko lonse chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Achinyamata amene simunazione, dziwani kuti popanda khadi sunkalowa mumsika, sunkakwera basi, ndipo ngakhale mayi woyembekezera ankagulira mwana wam'mimba. Anyamata a chipani anabwera kwa a Davide dzuwa lili paliwombo, akutsogoleredwa ndi Gilford, mkulu wawo m'dera lathu, mwamuna wamtali wosadziwa kuseka. Anathyola chitseko, anaswa mazenera, anaboola malata ndi zikwanje. Makina aja anawaponya pamsewu. A Davide anawamenya pamaso pa ana awo mpaka malaya oyera aja anasanduka ofiira. Mudzi wonse tinaonerera m'mipata ya mipanda, pakamwa tili phee. Kutacha banja lonse linali litapita. Tinangomva kuti alowera cha ku Katuli, kufuna kudutsa malire a Mozambiki.

Tsiku lotsatira Che Sumani akuchokera kumzikiti anaima pamsewu moyang'anana ndi nyumba ija. Chitseko chinali lende pa hinjesi imodzi. Analowa m'galaja, n'kutuluka ndi hamala ndi misomali pakamwa.

Abiti Wadi anawatsekera njira pachipata.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Pitani kwa anzathuwa mukatenge wailesi ija, ili pansi pa bedi. Muiphwasule yonse, sindiyankhula. Koma uko musapiteko."

"Wailesi ilipo? Munati inabedwa!"

"Ilipo. Wotchinso ilipo. Tengani zonse."

Che Sumani anaima kanthawi, ndipo ndinaona kuti mayeserowo anali aakulu. Kenaka analavulira misomali m'manja.

"Mvula ili pafupi. Davide akabwera agona pati?"

Pofika madzulo chitseko chinali chilili, chikutsekeka bwino kuposa kale. Mawa lake anakwera padenga ndi chitini cha phula. Makina aja anawatola pamsewu n'kuwalowetsa m'nyumba, osawagwira ngakhale sikuluu imodzi, poti mwini wake anawaletsa.

Gilford anawapeza ali padenga pomwepo.

"Madala, tsikani. Inunso ndinu a Mboni?"

"Ine? Funsani shehe. Chipumi changachi chinada ndi kuswali."

"Khadi muli nalo?"

Analitulutsa m'chipewa. Linali losokedwa pakati ndi ulusi wa ukonde, poti linang'ambika ndipo iwo analikonza.

"Nanga mukukonzeranji nyumba ya anthu oukira?"

"Mwana wanga, chitseko chili ndi mpingo? Kapena munachigulitsa khadi n'kukana?"

Wina mwa anyamata aja anaseka, Gilford n'kumucheukira, kuseka kuja n'kuthera pakhosi. Anathyolanso chitseko pomwepo, Che Sumani akuonerera ali padenga.

"Osamenya pakati, mukuwononga thabwa! Menyani cha kumahinjesi!"

Zinayenda choncho nyengo yonse ya dzinja. Anyamata akathyola, madala akonza. Akaswa zenera, mawa papezeka thabwa lopalidwa bwino. Chitseko chija chinafika pokhala ndi zigamba zambiri kuposa buluku la msodzi. Chodabwitsa n'chakuti misomali sinkawathera. M'mawa ankapeza pakhomo pa galaja kampukutu ka misomali yakale yowongoledwa, tsiku lina hinjesi, tsiku lina chidutswa cha lata. Palibe ankanena kuti ndine, palibenso ankafunsa. Mudzi umene unaonerera a Davide akumenyedwa unapeza njira yake yolankhulira.

Shehe anawaitanira pambali pambuyo pa swala ya Lachisanu.

"Che Sumani, anthu awa sasewera. Ena anawatenga pa zochepa kuposa izi, mpaka lero sitidziwa kumene ali."

"Ndamva, shehe. Chambone, chabwino. Kungoti pakhonde pali mzati wina wadyedwa ndi chiswe."

Gilford analeza mtima mpaka mvula itatha, mwina poopa imvi zija. Koma anthu anayamba kumuseka kumbali, kuti mkulu wa anyamata wagonja kwa khukhi. Tsiku lina m'mawa, amayi akupita kumtsinje, anafika ndi gulu lake n'kuwapeza Che Sumani akupala feremu ya zenera. Sanathyole kanthu tsiku limenelo. Anawagwira, n'kuwayala manja pa sitepe ya simenti ya a Davide, Gilford n'kutola hamala ya madala omwewo.

Sindikufotokozerani zonse. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kudooko. Atachoka tinawanyamula pamphasa kupita nawo kuchipatala, ndipo m'njira monse ankangobwebweta. Nditawerama kuti ndimve, ndinapeza akunena za hamala.

"Mwaona mpini uja? Sunaguluke. Ndinaika ndekha."

Tinasowa chochita, kuseka kapena kulira. Che Amidu, yemwe uja wa njinga, anachita zonse ziwiri.

Zala zinapola, koma zinapola zopindika ngati mizu ya chinangwa. Supuni ankaigwira ndi manja awiri. Tonse tinati basi, nkhani yatha. Koma tsiku lina masana ndinamva kugogoda tsidya la msewu. Nditasuzumira ndinaona Abiti Wadi, mayi amene anabisa zinthu moyo wake wonse, atamanga chitenje m'chiuno, hamala ili m'manja, amuna awo ataima kumbuyo.

"Osati choncho, mukupinda msomali! Gwirani kumapeto kwa mpini!"

"Mukapitiriza kulongolola ndikukhomererani pomwepa!"

Zenera lija analimaliza awiriwo. Nyumba ya a Davide inakhala yokongola kuposa zonse mumsewu wathu: denga losadontha, khonde lowongoka, chitseko chotsekeka ndi chala chimodzi. Ndipo ndi zimenezo zinaipha. Gilford anali atangokwatira, nyumba yake ya udzu ikudontha ngati dengu. Anaiyang'ana nyumba ija, n'kulengeza kuti katundu wa anthu othawa ndi wa chipani. Sabata yomweyo anasamukiramo. Makina a a Davide anawakweza pa lole, sitinawaonenso.

Che Sumani anaonerera kusamukako atakhala pa bampala ya galimoto yawo. Madzulo anangondifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti nthawi yonseyi ndimakonzera iyeyu?"

Mukanayankha chiyani inu?

Nyengo ya mwera itafika, mphepo inazula hinjesi ya zenera lam'mbali, thabwa n'kuyamba kumenyetseka kukhoma, pha, pha, usana wonse. Gilford, amene sankadziwa ngakhale kuwongola msomali, anawoloka msewu mopanda manyazi.

"Madala, zenera lija likusokosa. Mukalione."

Che Sumani anakweza manja awo opindika aja n'kumuonetsa. Gilford anayang'ana pansi n'kubwerera.

Chimenecho chinali chinthu choyamba chothyoka chimene Che Sumani anachisiya m'moyo wawo, ndipo chinawadya kuposa hamala ija. Popita kumzikiti anayamba kuzungulira njira ya kumanda kuti asalione. Koma khutu lilibe chitseko. Mwera ukaomba ankakhala m'galaja atatseka maso, ndipo zenera likamenya, mapewa awo ankadumpha. Anasiya bawo. Abiti Wadi anakatenga wailesi ija kwathu n'kuwaikira pamiyendo pamodzi ndi sikuludiraiva, iwo anangoitsegula n'kumamvera nyimbo ngati munthu wamba. Apo m'pamene mayi aja analira, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku la hamala.

Za a Davide tinamva zosiyanasiyana. Ena ankati anamwalira ndi kutsekula m'mimba kumsasa wa othawa, ena ankati anawaona ku Zambia akusoka. Che Sumani ankafunsa aliyense wotsika lole ya ku Katuli, mpaka madalaivala anayamba kuwathawa.

Che Sumani anamwalira chaka chotsatira, mwera womwewo ukuomba, atangodwala chifuwa masiku ochepa. Anthu anabwera ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe. Tikupita kumanda, mtengo umodzi wa jeneza, chonyamulira maliro chija, unathyoka pamapewa pathu. Tinatula pansi msanga. Amuna onse aja tinazungulira, tikuyang'ana mtengo wothyokawo, kenaka tikuyang'ana nsalu yoyera ija, ngati tikudikira kuti mwini maliro atiuze pogwira. Shehe anakhosomola. Pamapeto pake Che Amidu anavula lamba wawo n'kumanga, ndipo anamanga moipa kwambiri, mwakuti tinayenda njira yotsalayo mopendekeka, aliyense akuopa kuti madala adzuka kuti atikalipire.

Masiku ano kwa Mponda chinthu chikathyoka chimakhala chothyoka. Mipando ya miyendo itatu timaitsamiritsa kukhoma, ndowa zobooka amayi amadzalamo tsabola. Gilford anachoka kalekale, akuti anayambana ndi akuluakulu ake n'kutengedwa ndi galimoto yopanda nambala. Nyumba ija inakhala bwinja, palibe wofuna kulowamo. Zenera lija likadalipo, pa hinjesi yake imodzi. Amisiri m'mudzi muno aliko, ndipo ndi ntchito yoti munthu angaimalize tiyi asanazizire. Koma mwera ukayamba, n'kumveka pha, pha, kuchokera tsidya la msewu, timangosiya kaye nkhani, n'kumvetsera. Palibe amene anapitako ndi hamala.