Mzati wa Atate ndi Tambala Wofiira

Lolemba
Chipangali yense akulira kutentha. Ine ayi! Mzati wa nkhokwe ya malemu atate sunama. Chaka chotentha ankacheka kamzere kakafupi ndi mpeni, chozizira mzere wautali, ine n'kupitiriza. Tifupitifupi tisanu ndi tiwiri, kenako wautali. Nyengo imazungulira ngati mbuzi pachingwe. Chaka chino n'cha wautali!
Alamu anga a Zulu, aphunzitsi opuma a ku Kapata, abwera kudzacheza sabata yonse. Akuti, "Alamu, kuzungulirako kulipo, koma n'kwa zaka zikwizikwi, osati Okutobala uno." Tapangana: kukapanda kuzizira pofika Lamulungu, tambala wanga wofiira ndi ndiwo. Sukulu sindinapondeko, zilembo ndinaphunzira pa matumba a feteleza, koma mzati ndimaudziwa.

Lachiwiri
Zokonzekera: jekete laubweya, chipewa, mitolo iwiri ya nkhuni. Ndavaliratu kuti chisanu chisandidzidzimutse. Akazi anga, amake Tisa: "Bambo, mukudziphika nokha?"

Lachitatu
Thukuta mpaka m'nsapato. Nkhuku zili kukamwa yasa. Masana kamphepo! Ndathamanga kukadzutsa alamu pansi pa mango. Kamvuluvulu chabe. Kapita ndi chipewa changa.

Lachinayi
Ndikuwerenganso mzati. Tifupitifupi tatuluka khumi ndi tiwiri. Kubwereza, khumi ndi tinayi. Mizere imaswana?

Lachisanu
Ndafunsa amake Tisa. Osachita ndi manyazi omwe: "Tinato n'tanga. Thadzi likayamba kufungatira mazira ndimacheka pamenepo kuti ndisaiwale." Kuyambira tikwatirane! Zaka za atate zasakanikirana ndi anapiye. Alamu aseka mpaka kutsamwa ndi thobwa. Inenso ndaseka, koma kuseri kwa nkhokwe.

Loweruka
Jekete ndavula, n'lofunika kuchapa basi, palibe chifukwa china. Ndayesa kupereka bakha wokalamba m'malo mwa tambala. Alamu akana. Abwera kale ndi tomato ndi anyezi, akunola mpeni akuimba nyimbo ya Misa. Tambala akulira mosangalala pa khola, sakudziwa kanthu mwana wanga.

Lamulungu
Dzuwa ngati ng'anjo. Pochokera ku tchalitchi, tambala wapita. Alamu, fupa lili kukamwa: "Musadandaule, chisanu chachikulu chidzabweranso. Adzachiona adzukulu a adzukulu a adzukulu anu." Ndiye kuti ndinalondola, ndangofulumira pang'ono! Tambalayo anali wonona, tanyambita zala tonse. Koma nthutumba sindinagawireko munthu.