Nkhondo ya Mgolo Wabuluu

Tcherani khutu, inu mibadwo ya mawa, mumve za chaka chija dzuwa la Okutobala linawamba Lilongwe, mipopi ya ku City Centre ikungotsokomola mphepo, pamene injiniya wa paofesi ina analamula kuti madzi osamba m'manja asamatayikenso, koma azitsata paipi, adutse mumchenga wosefa, akagwere mumgolo wabuluu kuseri, agwirenso ntchito kachiwiri.

Mgolo unali umodzi. Ngwazi zinali ziwiri.

Kuchokera kum'mawa kunadza a Lawford osamalira maluwa, Mkango wa Pakapinga, Mwini Chikwakwa Chosagona, amene abwana anawachenjeza kuti maluwa a pakhomo akauma, ntchito yaumanso. Kuchokera kumadzulo kunadza a Cornelius alonda, Njovu ya Pageti, otsuka galimoto ya abwana omwewo.

"Achimwene!" anabangula a Lawford, ndowa ili m'mwamba. "Galimoto inafapo liti ndi ludzu?"

"Nanga maluwa anuwo," inagunda Njovu, "anawanyamulapo abwana kupita ku Capital Hill?"

Ndowa zinaombana, akhwangwala nathawa mumtengo.

Tsiku lachitatu Mkango unatsikira ku Area 2, unagula loko, numanga mpopi wa mgolo. Kenako, pokhala munthu wosunga mwambo wa pantchito, unakapereka kiyi kumene makiyi onse amasungidwa: kwa alonda.

Galimoto inawala. Maluwa anaweramitsa mitu ngati anamfedwa.

Apo m'pamene anatulukira a Naphiri okolopa, Mfumukazi ya Mopu, nawapeza a Lawford atagwira tsaya, a Cornelius akupukuta galimoto chapafupi.

"Azibambo inu, mukatsuka galimoto madziwo amapita kuti?"

"Pansi," anayankha a Cornelius.

"Nanga maluwa amamwera kumwamba?"



M'mawa mwake dalaivala anaimika galimoto m'mphepete mwa maluwa, Mkango ukulondolera ndi chikwakwa, Njovu ikuchita sawasha. Madzi anatsika padenga la galimoto, natsata kangalande, nafika pamizu. Pangano la mtendere linasindikizidwa ndi mandasi atatu, ndipo ngakhale madzi otsukira makapu ananyamulidwa mwaulemu, ngwazi ziwiri zitagwirizira beseni limodzi, a Naphiri akuimba nthungululu.

Patatha sabata abwana anaima pakhomo, nawerama, nanunkhiza duwa.

"A Lawford, maluwa onunkhira sopowa ndi mtundu wachilendo. Mundipezereko mbewu yake, ndikadzale kunyumba ku Area 10."