Pulagini Yopuma Pantchito

M'mudzi wina wake, womwe dzina lake tilisunga, munali pulogalamu ya pakompyuta yomwe inkatumiza uthenga pafoni kwa alimi a sikimu ya mthirira, kuwauza nthawi yotsegula madzi. Pulogalamuyo inali ndi mapulagini, tizigawo tolumikiza pambali kuti tiwonjezere ntchito. Pulagini iliyonse inkalowa ndi mwambo wodula riboni, ndipo inkapatsidwa Mkulu Woiyang'anira. Yotulukamo inali isanaonekepo.

Mayi Tiyanjane Kaliwo, amene ankasamalira pulogalamuyo, anaona kuti mauthenga ayamba kuchedwa masiku awiri, tomato n'kumafota m'minda. Atafufuza anapeza kuti pulagini ina yakale inkaimitsa zonse, ikudikira yankho kuchokera ku ngalande yomwe inakwiririka kalekale, pamwamba pake n'kumangapo tchalitchi.

Anapita nayo nkhaniyo ku Komiti Yaikulu Yoona za Mapulagini.

"Pulaginiyi ntchito yake inatha, a Wapampando. Ndiloleni ndiizimitse, kenako ndiichotse."

Bambo Gomonda, Mkulu Woyang'anira Pulagini ya Ngalande Yokwiririka, anadzambatuka.

"Mayi, mukaichotsa, ine ndiziyang'anira chiyani?"

"Tomato akuuma, bambo."

"Tomato alibe mpando m'komiti muno!"

Anakambirana milungu itatu, mbewu zikupserera. Pomaliza anagwirizana kuti pulaginiyo isachotsedwe, koma ipume pantchito mwaulemu. Anapha mbuzi, kwaya inaimba, ndipo Bambo Gomonda anakhetsa misozi pofotokoza za kudzipereka kwa pulaginiyo. Mayi Kaliwo anadina batani loizimitsa, mtima uli m'malo.

M'mawa mwake mauthenga anafika tambala asanatsike. Madzi anayenda, tomato anadzuka, ndipo amayi ena anabweretsera Mayi Kaliwo dengu la anyezi.

Liwiro limeneli linaidetsa nkhawa komiti. Uthenga ungafike bwanji kwa mlimi osadikira aliyense? Atakumananso, Wapampando anawerenga chigamulo: polemekeza luso lake la zaka zambiri, pulagini yopumayo yasankhidwa kukhala Mlangizi Wamkulu wa Mapulagini Onse, ndipo uthenga uliwonse uziyamba wadutsa kwa iyo.

"Ndiye kuti tachotsa chiyani?" anafunsa Mayi Kaliwo.

Akuluakuluwo anayang'anana. Funsolo linali lomveka: lipoti la chaka linkafunika kusonyeza kuti chinachake chachotsedwa. Anayang'ana m'ndandanda wonse, kufunafuna chinthu chopanda Mkulu Wochiyang'anira, ndipo anachipeza chimodzi chokha.

Kalata yochotsa ntchito Mayi Kaliwo inafika tsiku lomwelo, osachedwa ngakhale mphindi.