Nkhani Imene Inadumpha Khoma

Mpaka lero ndikamva munthu akudzitama kuti wapeka nkhani yatsopano, ndimayamba ndamufunsa ngati nyumba yake ili ndi siling'i. Yanga inalibe, ndipo zimene zinandichitikira sindingazifunire ngakhale mdani wanga.

Ntchito inanditaya ku Mwanza, kumalire, komwe ndinkathamanga ndi mapepala a mathiraki pa kaofesi kena koombola katundu. Ndinalibe mbale, ndinalibe mnzanga. Ndikaweruka ndinkangodzitsekera m'kachipinda kanga ka pamdadada n'kumawerenga mabowo a malata. Kusungulumwa kutandifika pakhosi, ndinagula kope n'kulumbira kuti ndilemba nkhani imene munthu sanaimvepo chilengedwere dziko. Kuti maganizo a ena asandilowerere ndinazimitsa wailesi, mabuku ndinawakankhira kunsi kwa bedi, ngakhale macheza a madalaivala ndinkawathawa ngati chimfine. (Inde, munthu wosowa anzake n'kumathawanso anthu. Nzeru zanga zinali zoterozo.)

Kuseri kwa khoma langa kunkakhala mayi a Tadala, ogulitsa manachesi pamsewu. Amuna awo anali dalaivala wa thiraki, wobwera mwa apo ndi apo. Khoma lathu silinkafika kudenga, ndipo madzulo aliwonse mayiwa ankaimbira foni achemwali awo a ku Blantyre uku akuphika. Ine ndinkati sindimvetsera za eni, ndili ndi ntchito yaikulu. Mawu awo ndinkangowamva ngati mvula pamalata, koma kunena zoona ndi mawu okhawo a munthu amene ankalowa m'chipinda changa.

Masabata awiri oyamba kope linangokhala mbee. Kenako nkhani inayamba kubwera yokha. Inali ya mkazi amene mwamuna wake anamugulira chitenje chobiriwira cha nkhanga ku Tete. Tsiku lina mkaziyo anawoloka malire kukagula mafuta ophikira ku Zobue, n'kukumana ndi mkazi mnzake atavala chitenje chomwecho, kumbuyo atabereka mwana wa makutu otambasuka ngati a mwamuna wake uja. Ndinkalemba osapumira. Ndinkachita kudzifunsa kuti kodi nzeru zoterezi ndinatengera kuchimuna kapena kuchikazi.

Nditamaliza ndinasowa womuwerengera. Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje.

Lamulungu lina masana, anthu a pamdadada anali pakhonde. A landilodi, bambo Chikaonda, ankasenda nzimbe, amayi atatu akulukana tsitsi, ndipo wolukidwayo anali mayi a Tadala. Ndinatuluka ndi kope langa, nditavala malaya oyera (musandifunse chifukwa), n'kuwapempha kuti amve nkhani yochokera m'mutu mwanga mokha, yosabera kwa munthu. Anavomera. Mwina anadabwa kuti kani bambo wosayankhulayu ali ndi pakamwa.

Nditafika pa chitenje chobiriwira, manja a mayi woluka uja anaima. Maso a onse anapita pachingwe choyanika zovala. Ine osayang'anako, ndinangoti luso langa lawagwira mtima. Nditafika pa mafuta a ku Zobue, bambo Chikaonda anatsokomola kawiri, chifuwa chopanda matenda chija, koma ndinati nzimbe yawatsamwa ndipo ndinakweza mawu kuti asaphonye pabwino. Pa makutu a mwana paja ndinachita kuika kope pansi n'kuwasonyeza ndi manja mmene analili.

Mayi a Tadala anaimirira, theka la mutu lolukidwa, theka lina lili nyankhalala. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Achimwene, ine ndinakulakwirani chani?"

Ndinawauza mwaulemu kuti asadandaule, zonsezi n'zongopeka, palibe munthu wotere padziko.

"Ndi makutu a amuna anga omwe mwapeka ndinu?"

Ndi pamene ndinayang'ana pachingwe. Chitenje chobiriwira chinali pompo, nkhanga zake zonse zikundiyang'ana. Ndinakumbukira liwu ndi liwu mmene zonse zinadutsira pamwamba pa khoma, pakati pa fungo la anyezi ndi kulira kwa mafuta m'poto. Chinsinsi chimene mayiwa anauza mbale wawo yekha, ine ndinachilengeza pakhonde nditavala malaya oyera.

Pakamwa pa amayi ena aja panalibe loko. Pofika Lachiwiri, ogulitsa manachesi onse ankaidziwa nkhaniyo, ngakhale osintha ndalama a pamalire. Ndinagogoda kwa mayi a Tadala kawiri kuti ndikapepese, chitseko osatseguka. Foni anayamba kukaimbira kuseri kwa bafa. Chipinda changa chinangoti zii, ndipo ndinazindikira kuti miyezi yonseyo ndinali ndi wocheza naye, ngakhale iwo sankadziwa. Ndinawasowa kwambiri. Kope nalonso linaleka kudzaza.

Mwezi usanathe analongedza katundu kubwerera kwawo kwa Nthache. Mmawa wa tsikulo ndinawathandiza kumanga matiresi panjinga. Nditamaliza anandiyang'ana, maso ali otopa.

"Nkhani yanu ija simunamalize. Mkaziyo anathera kuti?"

Ndinawauza zoona, mutu uli pansi. Ndinati kumapeto mwamuna uja anabwera, anagwada pamaso pa ankhoswe, anapepesa, ndipo sanawolokenso malire. Ndinati masamba anayi omaliza onse ndi a kupepesako.

Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano kuja, n'kukonza mpango kumutu.

"Pokhapo ndiye mwapekadi nokha, achimwene."

Anatsatira njinga ija osacheuka. Ine ndinatsala pakhonde ndi masamba anga anayi, okhawo amene ndinganene mosanama kuti ndi anga, ndipo ndi okhawo amene palibe munthu angawakhulupirire. M'chipinda chawo chija mwalowa munthu wina, wosakonda kuyankhula, wopanda ngakhale womuimbira foni. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzira kusamvetsera za eni, koma madzulo ndikaweruka ndimakhala pabedi, kope pamwendo, khutu lili kukhoma.