Tsekani Chitseko, Nkhuku Zikulowa

Senderani pafupi, inu muli kumbuyoko kokani mpando, chifukwa nkhani iyi sindiikamba mokweza. Kuseka museke pamapeto. Ineyo ndinayamba kuseka pakhomo panga patatsala nthenga zokhazokha.

Malemu amuna anga, abambo ake Enelesi, ankaimba besi m'kwaya ya kumpingo kwathu kuno ku Magaleta. Kalekale tchalitchi chisanafoleredwe, anzawo anadzajambula nyimbo pa kaseti m'nyumba mwathu muno. Iwo atamwalira, Enelesi, mwana wanga wogwira ntchito kuchipatala ku Chifunga, anapita nayo kasetiyo kwa munthu wa kompyuta. Inali yokalamba, moti atangomaliza kusamutsa nyimbozo inaduka. Munthuyonso anatseka shopu n'kupita ku Joni. Choncho mawu a amuna anga anatsala m'kanthu kamodzi kakuda, kochepa ngati chikhadabo cha khanda, kamene amati memori kadi.

Enelesi anathiramo nyimbo zina zambirimbiri, n'kukalowetsa m'wailesi ya sola imene anandigulira.

"Amayi, kameneka ndi kokhako, musakachotse," anatero. "Ndidzabwera ndi kompyuta tidzakopere kwina, kuti pa mwambo wa chiliza anthu adzamve mawu a ababa."

Wailesi inkaimba bwinobwino mpaka nyengo yozizira. Kenako inangoti zii. Ndinakankha kabatani uku ndi uku. Ndinaimenya mbama. Ndinaifunditsa chitenje poganiza kuti yazizidwa (inu mukanatani?). Nditatopa ndinaivundukula n'kuisiya pazenera.

Tsiku lina ndinali ndekha m'nyumba ndikusankha nyemba. Nkhungu inali itakuta mapiri kuyambira m'mawa, anthu onse ali kokumba mbatata ya kachewere, ngakhale galu osauwa. Dzuwa litangoboola pang'ono, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Chifuwa chimenecho ndinagona nacho mphasa imodzi zaka zonse za ukwati wanga, sindingachisokoneze ndi cha wina. Kenako mawu:

"Amake Enelesi, tsekani chitseko, nkhuku zikulowa."

Ndinacheukira kukhomo. Tambala anali atalowetsa kale mwendo umodzi.

Ndinadzuka n'kutseka. (Ali moyo ndinkawayankha kuti miyendo muli nayo. Koma munthu wakufa simukangana naye.) Ndinakhala pansi, nyemba zili mbwee.

Mawa lake chimodzimodzi. Chifuwa, mawu, nkhuku pakhomo. Tsiku limene kunachita chiperoni, dzuwa osatuluka, sanalankhule, ndipo ndinaopa kuposa kale, poti ndinati akwiya.

Ndinakauza Nangozo, mnzanga woyandikana naye nyumba, amene timatsogolera naye amayi kumpingo.

"Asisi, mwayamba kukalamba," anandiseka. "Kapena mwawasowa amunawo, mukufuna ena?"

"Bwerani mudzamve nokha."

Anabwera, n'kukhala pampando wa malemu, akutafuna nzimbe mwamatama. Mtambo unasuntha, kuwala kunagwa pazenera, chifuwa chija n'kumveka. Nangozo sanadikire mawu. Anatulukira pakhomo limodzi ndi nkhuku, patapata mmodzi anatsala pansi pa mpando.

Tinakambirana kuseri kwa nkhokwe monong'ona.

"Sanagone awa," anatero Nangozo. "Chiliza mwachedwa nacho. Musawasunge m'nyumba. Atulutseni, muwapatse ufa monga ankachitira makolo, muwauze kuti apumule."

"Nanga abusa akamva?"

"Awauza ndani? Nkhuku?"

Za Enelesi ndinazikumbukira, sindinama. Koma ndinati ndingokatulutsa kanthawi kochepa, malemu akalandira ufa ndikabweza. Loweruka m'mawa ndinakanikiza kakadi kaja ndi chikhadabo, ndipo kanatumphuka kokha kugwera m'dzanja langa ngati kamandidikira. Tinatapa ufa woyera m'chipande, n'kukaika kakadi pamwamba pake, pansi pa mtengo wa msuku kuseri kwa nyumba. Tinagwada amayi awiri akuluakulu a mpingo, tikuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Abambo ake Enelesi," ndinatero, "simenti yagulidwa, chiliza chikumangidwa. Gonani. Chitseko ndizitseka ndekha."

Nangozo anati tichoke osacheuka. Sitinacheuke. Tikanangocheuka!

Sitinakhalitse pakhonde, njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika Enelesi, chikwama cha kompyuta kumsana. Atalonjera, ndinamuuza zoti bambo ake akulankhula masana. Za ufa sindinatchule. Iye ananyamula wailesi, anaitembenuza, anatsegula kumbuyo.

"Amayi, batire lafa basi. Dzuwa likagunda kagalasi aka imadzuka, koma poti yaiwala pamene inalekezera, imayambira koyambirira kwenikweni, pamene kaseti ija inayambira. Nyimbo isanayambe moto umatha. Simukukumbuka tsiku lojambula? Ababa anakuuzani kuti mutseke chitseko, kaseti ikuzungulira kale."

Ndinakumbuka. Ndinalinso nditawayankha za miyendo zija, kungoti ndinali panja, makina sanandigwire.

"Nanga bwanji nthawi zonse nkhuku zimakhaladi pakhomo?" ndinafunsa.

"Dzuwa likatuluka zimadzaothera pakhomopo." Anasuzumira kabowo ka m'mbali mwa wailesi. "Kadi ili kuti?"

Ine ndi Nangozo tinayang'anana.

Kuseri tinapeza chipande chili mbee, ufa ndi kakadi mulibe. Nkhuku zanga zonse zinali pomwepo, zikupukuta milomo pansi.

"Alandira!" anakuwa Nangozo, manja m'mwamba.

Tinafufuza m'masamba, tinasefa dothi ndi sefa wa ufa, osapeza kanthu. Enelesi sanandikalipire. Anangokhala pamuzu wa msuku, n'kugwira pakamwa, misozi ikutsika. Bwenzi atandikalipira. Mwana anali atasunga mawu a bambo ake monga dzira, ine n'kukawathira pa ufa kuitanira nkhuku.

"Zikalowa m'nthutumba zimaperedwa ndi miyala," ndinatero. "Koma ngati kakadi kadakali m'chithokomiro, tikapeza. Nangozo, mpeni."

Tinayamba ndi tambala, poti ndinkamukayikira kuyambira tsiku loyamba lija. M'chithokomiro mwake munali ufa, chiwala ndi batani la malaya. Linatsatira thadzi lamawanga. Ufa wokhawokha. Misoti ija ndinkasungira alendo a pachiliza inapita umodzi umodzi. Nangozo ankathamangitsa, chitenje chili m'chiuno, akutukwana mawu amene mayi wa mpingo sayenera kuwadziwa. Nkhungu inabwereranso, moti nkhuku zinkazimiririka n'kutulukira kwina ngati mizukwa.

Linatsala thadzi lakuda loikira mazira. Silinathawe. Linaima pamwala likundiyang'ana ndi diso limodzi, kenako linapanga kaphokoso kukhosi, ngati kutsokomola. Nangozo anataya mpeni.

"Ameneyo ndiye ayi, asisi. Iphani nokha."

Ndinapepesa kaye, kenako ndinapha. Kakadi kanali momwemo, katamatirira phala la ufa.

Enelesi anakapukuta ndi nsonga ya bulauzi, anakaumitsa bwinobwino, n'kukalowetsa m'kompyuta. Tinadikira atatu titaunjikana mitu. Makina anali zii. Ndinayamba kuganiza zoti ndidzawauza chiyani malemu tikadzakumana. Mwadzidzidzi, chifuwa.

"Amake Enelesi, tsekani chitseko, nkhuku zikulowa."

Enelesi anayang'ana beseni lodzaza nkhuku zakufa, n'kuyamba kuseka akulira. Kenako kwaya inayamba, besi ija ikuguguda pansi pa anzake. Tinamvera mpaka kumapeto, magazi ali m'manja.

Tsiku lomwelo Enelesi anakopera nyimbozo m'kompyuta, m'foni mwake ndi m'kakadi kena kamene anapita nako ku Chifunga. Pachiliza anthu anamva mawu a malemu, ena analira. Ndiwo inali nyemba. Nangozo mpaka lero sadya nkhuku yakuda, ndipo patapata wake anachita kutumiza munthu kudzatenga. Abusa anamva ndithu, osati kwa nkhuku. Enelesi ndi amene akundilembera izi ndikamakamba, ndipo akupukusa mutu kuti si iye anawauza.

Wailesi anaiika batire latsopano, inayamba kuimba ndikaiuza, kukhala chete ndikaiuza. Ndinakhala nayo choncho kwa kanthawi. Dzuwa linkaboola nkhungu, kuwala n'kugwa pazenera, m'nyumba muli zii. Ndinkapezeka ndasiya nyemba, khutu lili kuzenera.

Enelesi atabweranso ndinamuuza kuti abwezeremo batire lakufa lija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwezeramo.

Ndiye mukadzadutsa pano masana n'kumva mwamuna akutsokomola m'nyumba mwa mayi wamasiye, musathamangire kwa abusa. Nkhuku pakhomo pano palibe ngakhale imodzi. Koma akanena, ndimadzuka, ndimawayankha kuti miyendo muli nayo, kenako ndimatseka.