Tsiku Limene Ndinatulutsa Che Saidi M'nyumba

Anzanga, kudziwa kulemba kunandipusitsa ine. Ndinafika pa Nsaru ndili mphunzitsi watsopano, nthawi ija anyamata ankalembedwa usilikali wa nkhondo yachiwiri, ndipo nyumba ya aphunzitsi inali isanafoleredwe, mvula ili pafupi. Ndiye ndinapita kwa Che Bwanali, mwini sitolo, kukapempha pokhala. Anandilozera kanyumba ka kuseri, tinagwirizana za lendi, kenako anati, "Muli achikulire mmenemo, Che Saidi, muzikhala nawo." Ine mumtima ndinangoti ameneyo ndi mnzanga wa lendi, tonse ndife ofanana.

Sabata yoyamba ndinapirira. Koma kodi munagonapo m'chipinda choti denga lonse apachikamo fodya? Malaya anga ophunzitsira ankanunkha ngati chigafa, ana mpaka kumayetsemula ndikamadutsa. Pansi pa bedi langa anaikapo nkhuku yofungatira, yolusa, ndikati nditenge nsapato inkandijompha. Ndikadandaula, mkuluyo ankangomwetulira, amvekere, "Ikuzolowerani, aphunzitsi."

Tsiku limene nkhuku ija inachitira chitosi pa kaundula wa ana asukulu, mtima unandikwera. Paja ndinali nditamva kwa kalaliki wina wa kuboma kuti wolipira lendi ali ndi mphamvu, mnzake akamamusowetsa mtendere angathe kumulembera notisi. Ndinakhala pansi nkulemba bwinobwino ndi inki kuti pofika Loweruka Che Saidi akhale atatuluka, nkubaya kalatayo pachitseko ndi minga. Masiku anayi akuidutsa osafunsa nkomwe. Kufunsa Che Bwanali bwanji? Ayi, ine wophunzira ndifunsenso?

Loweruka Che Saidi atapita kudimba, ndinatulutsa zonse: mphasa, fodya, ketulo, dengu la nkhuku ija, nkuunjika pabwalo. Ndinaitana akulu a mpingo awiri kuti akhale mboni, popeza nkhani zamalamulo zimafuna mboni. Anthu ogula m'sitolo nawo anaunjikana. Mkuluyo atabwera, khasu lili paphewa, ndinakonza kukhosi nkuwerenga kalata yonse mokweza, osasiya ngakhale tsiku ndi siginecha.

Che Bwanali anatuluka m'sitolo atagwira pakamwa.

"Aphunzitsi, mwatani? Awatu ndi apongozi anga. Nyumbayi ndi yawo, anamanga okha. Ine ndimangowalandirira lendi."

Ndinayang'ana akulu a mpingo aja, wina akuyang'ana kumwamba, mnzake akukanda pansi ndi ndodo. Ndinkangoona nkhaniyi ikufika kwa abusa oyang'anira sukulu yathu ine ndisanathe ngakhale mwezi pantchito.

Che Saidi anatsamiritsa khasu pakhoma, osakalipa nkomwe.

"Kalatayo yakoma, mwalemba mwaluso," anatero. "Loweruka ndi lero eti? Musavutike kulemba ina. Ingofufutani dzina langa, mulembepo lanu."

Anthu anaseka mpaka amayi ena kukhala pansi. Mboni zomwe ndinaziitana kuti zione kutuluka kwa mkuluyo ndi zomwe zinayamba kundipepesera kuti ndisagone panja. Che Saidi anandikhululukira, koma katundu yense ndinabweza ndekha, fodya ndinapachika tsamba ndi tsamba, iwo atakhala pampando wanga kumandiuza pomwe ndapotoza.

Chichokereni tsikulo, ndikalowa m'nyumba ya lendi ndimayamba ndafunsa mwini wake ndani, ndipo aliyense amene ndamupeza mkatimo ndimamupatsa moni wa manja awiri. Cholembera changa chimathera m'kalasi basi.