Khoma la Amake Esinati

Lolemba
Matailosi afika! Abuluu, osalala, makatoni atatu. Msuweni wanga wa ku Zomba wandipatsa, akuti anatsala pomanga nyumba ina. Ndakhala pakhonde kuwasisita mpaka tiyi kuzizira.
Mkazi wanga, amake Esinati, ali kwawo ku chilumba cha Chisi mwezi wachiwiri uno. Pokwera bwato anati, "Nkhokwe ilibe denga, chimbudzi chilibe chitseko. Mukadzamaliza chinthu chimodzi chokha ndidzabwerera." Lero uthenga wafika: Loweruka akubwera kudzaona. Kudzaona basi. Ndawasowa, bodza ayi.
Ndiye khoma lakumaso ndilimata lonse. Ndikuliona kale likunyezimira m'mamawa, asodzi a ku Kachulu akulozerana ali pakati pa nyanja, mayiwo ataima, dzanja pakamwa.

Lachiwiri
A Chikopa, mmisiri wakale, aimitsa njinga pakhomo. Malamulo awo:
– kupala laimu yense pakhoma
– kuviika matailosi m'madzi usiku wonse
– madzi a pamjigo, osati a m'nyanja
– osamata dzuwa lili paliwombo
Kuviika? Ndi mbewu ya mpunga kodi, ndikufuna amere? Ku mjigo n'kutali, nyanja ili pakhomo pomwe. "Madzi a Chilwa ndi amchere, achimwene, simenti imakana," akutero. Ndawathokoza mwaulemu. Nthawi ndilibe ine.

Lachitatu
Kumata tsiku lonse, chipande chomangira m'manja, dzuwa likuswa mtengo. Simenti ndi thumba limodzi lokha, ndiye mchenga ndikuthira mowolowa manja. Theka la khoma latha. Kukongola kwake!
Mayi wina wogulitsa matemba waima nthawi yaitali. "Awatu ndi a m'bafa awa, bambo." Nsanje.
Masana ndawodzera pang'ono. Ndalota nyumba yathu ikuyandama kupita ku Chisi, khoma lili patsogolo.

Lachinayi
Ndamaliza! Ine amene, ndamaliza! Ndazungulira mudzi kawiri kuti ndizilionera patali. Anthu akubwera kudzadziyang'anirapo nkhope.
Ndikagogoda ndi chala pakumveka ngati m'kati mulibe kanthu. Mwina amalira choncho akakhala atsopano.
Chakumadzulo imodzi phwaa! pansi. Imodzi si nkhani. Masiku ano a matipate ngakhale tailosi ili ndi ufulu wotuluka.

Lachisanu
Agwa: asanu ndi awiri m'mawa, khumi masana, imodzi pamsana pa tambala.
Ndikutembenuza ogwawo. Ena kumbuyo n'koyera ngati sanaonepo simenti, anamwa madzi onse n'kusiya mchenga. Ena achoka ndi laimu yemwe.
Ndayesa:
– phula lomatira mabwato
– nsungwi zochirikiza
– pemphero
A Chikopa adutsa, aliza belu la njinga, n'kupitirira. Bola akanandinyoza.

Loweruka
Amake Esinati afika, mtolo pamutu, sutikesi m'manja. Khoma lili ngati m'kamwa mwa nkhalamba, pakati pali nsungwi zisanu ndi phula likuyenderera. Ine ndavala jekete la kutchalitchi.
Ndisanawalonjere n'komwe, tambala uja watera pansungwi. Mzere wonse wapamwamba phwaa! pamapazi awo.
Ayang'ana khoma. Andiyang'ana ine. Alowa m'nyumba, chitseko atseka mwakachetechete, komabe inanso yagwa.
Mtolo sanamasule.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite, manyazi. Pakhoma atsala anayi.
M'mawa ndawapeza akusesa zidutswa. Osadzutsa mutu akuti, "Abambo ake Esinati, pagombe andiuza kuti Lachinayi khomali linali lathunthu. Akuti linawala mpaka madzulo. Kumaliza munamalizadi."
Ndayamba kufotokoza za khoma lakumbuyo, kuti ulendo uno ndikapala bwinobwino. Atambasula dzanja. "Chipande chomangira chija, patseni kuno."
Chili m'sutikesi mwawo tsopano, kiyi ali m'khosi mwawo.
Inanso yagwa pompano. Igwe. Mpunga akuphika wa anthu awiri.